Galu Wodzikanda: Cenjerani ndi Mankhwala Ofooketsa Citetezo ca M'thupi

M'makomboni a m'Chipata monga Kapata, Mchini, Magazine ndi Nabvutika, ndiponso m'matauni a Katete, Petauke ndi Lundazi, mabanja ambiri amaweta galu kuti azilonda nyumba usiku. Galu ameneyu amadya makombo a nsima ndi mitu ya kapenta, amagona pakhonde, ndipo masana amasewera ndi ana. Conco akadwala, nkhaniyo imakhudza banja lonse.

Limodzi mwa mabvuto amene eni agalu amadandaula nalo kawirikawiri ndi la pakhungu. Galu amayamba kudzikanda usana ndi usiku, amadziluma kumcira ndi kunyambita mapazi kosalekeza. Ubweya umathothoka, zilonda zimabuka, fungo limayamba. Pamenepo aneba sacedwa kupereka malangizo. Wina amati mpakeni oilo yakutha ya motoka, wina amati msambitseni ndi dipi ya ng'ombe, ndipo wina amatulutsa timapiritsi ta prednisolone totsala kwa wodwala mphumu.

Timapiritsi timeneti timaletsadi kuyabwa msanga, ndipo mwini galu amakondwa kuti wapeza mankhwala. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti prednisolone ali m'gulu la mankhwala amene amagwira nchito mwa kufooketsa citetezo ca m'thupi. Akaperekedwa ndi dotolo wa ziweto pa matenda oyenera, amapumitsa galu amene wabvutika kwa miyezi. Akaperekedwa mwacimbulimbuli, amakulitsa matenda enieni amene abisala kuseri kwa kuyabwako, ndipo ena mwa matendawo amagwiranso anthu.

ZIWENGO NDI CIANI?

Thupi la galu, monga la munthu, lili ndi asilikali ake olimbana ndi tizirombo toyambitsa matenda. Asilikali amenewa ndiwo timati citetezo ca m'thupi. Mwa agalu ena asilikaliwa amasokoneza mdani. Amayamba kulimbana ndi zinthu zimene sizibvulaza agalu anzawo, ndipo nkhondoyo imamenyedwera pakhungu. Khungu limafiira, limatentha ndi kuyabwa. Izi ndizo ziwengo, zimene pa Cingerezi amati allergy.

Ziwengo za agalu zili m'mitundu itatu ikuluikulu. Mtundu woyamba ndi wa nthata. Nthata ikaluma imasiya malovu ake pakhungu. Galu amene thupi lake limadana ndi malovuwo angadzikande masiku angapo cifukwa ca nthata zowerengeka cabe. Ubweya umatha pamsana ca kumcira ndi kumbuyo kwa nchafu.

Mtundu waciwiri umabwera ndi zinthu za pamalo pomwe galu akhala: fumbi la m'nyumba ndi tizirombo tosaoneka tokhala m'fumbimo, cuku, ndi mungu wa udzu ndi mitengo. Madotolo amaucha atopic dermatitis. Nthawi zambiri umayamba galu ali ndi miyezi 6 mpaka zaka 3. Umagwira mapazi, nkhope, makutu, m'khwapa ndi pamimba. Ndi matenda akumtundu, ndipo amaoneka kwambiri mwa agalu monga German Shepherd, Labrador ndi Boxer, ngakhale agalu athu wamba nawonso amadwala.

Mtundu wacitatu ndi wa cakudya. Zakudya zimene zimayambitsa kawirikawiri ndi nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku ndi tirigu. Galu wotere amadzikanda caka conse, ndipo ena amatsekulanso m'mimba.

SI KUYABWA KONSE KULI ZIWENGO

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pali matenda ena a pakhungu amene m'maso mwa mwini galu amafanana ndi ziwengo, koma amabwera ndi tizirombo teniteni timene tifunika kuphedwa.

Oyamba ndi matenda a mphere. Kacirombo kochedwa Sarcoptes kamaboola khungu ndi kuikira mazira m'menemo. Matendawa amayambira m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba, ndipo kuyabwa kwake ndi koopsa. Amafalikira msanga kwa agalu ena. Munthu amene amanyamula kapena kugona pafupi ndi galu wa mphere angatuluke tizilonda toyabwa m'manja ndi pamimba.

Palinso mphere ya mtundu wina yobwera ndi kacirombo kochedwa Demodex. Kacirombo aka kamakhala m'timaenje ta ubweya pafupifupi mwa galu aliyense popanda bvuto, cifukwa citetezo ca m'thupi cimakaletsa kuculukana. Citetezo cikafooka, timaswana mopitirira ndipo ubweya umatha mozungulira maso, pakamwa ndi m'miyendo yakutsogolo. Matendawa amakonda tiana ta agalu. Sagwira anthu.

Ena ndi zipere, zimene zimasiya timabala tozungulira topanda ubweya. Zipere za galu kapena mphaka zimasamukira kwa ana mosabvuta, makamaka m'mutu ndi m'manja.

M'nyengo ya mvula muonjezerepo mphutsi za pakhungu. Nchenche ina imaikira mazira pamcenga kapena dothi lonyowa ndi mkodzo, ndipo galu akagonapo mphutsi zimalowa m'khungu ndi kupanga zithupsa zokhala ndi kabowo pakati. Nchenche zina zoluma ndizo zimadya nsonga za makutu.

Pa matenda onsewa, mankhwala ofooketsa citetezo sapha kacirombo ngakhale kamodzi. Galu wa mphere akamwa prednisolone amacepetsa kudzikanda kwa masiku, koma tizirombo timapitiriza kuswana ndi kufalikira kwa agalu ena ndi kwa ana. Pa mphere ya Demodex ndi pa zipere zinthu zimaipirako, pakuti asilikali amene anali kucinjiriza thupi agonetsedwa. Matenda amene anali pankhope pokha angakute thupi lonse.

Ndi cifukwa cake dotolo wa ziweto amayamba wapala pang'ono pakhungu ndi kuyang'ana pa maikulosikopu. Kacirombo ka Sarcoptes kamabvuta kupeza, conco nthawi zambiri dotolo amapereka mankhwala a mphere ngakhale sanakaone, ndi kudikira ngati galu acira. Amayang'ananso ngati zilonda zalowa mabakiteriya kapena yisiti, zimene zimabweretsa mafinya ndi fungo. Zonsezi zikacotsedwa koma galu akali kudzikanda, ndi pamene dotolo amanena kuti ndi ziwengo.

PREDNISOLONE NDI ANZAKE

Mankhwala akale pa onse ndi a gulu la cortisone. M'caka ca 1948 dotolo wa ku America, Philip Hench, anapereka cortisone kwa wodwala nyamakazi kwa nthawi yoyamba, ndipo mu 1950 iye ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphotho ya Nobel. Prednisolone anayamba kugwiritsidwa nchito mu 1955. Dexamethasone ndi betamethasone ali m'gulu lomweli, koma ndi amphamvu kuposa prednisolone.

Ubwino wa mankhwalawa ndi wakuti ndi ochipa ndipo amaletsa kuyabwa mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Galu amene akumwa prednisolone amamva ludzu kwambiri, amakodza pafupipafupi, amadya ngati sanadye, ndipo amapuma mwawefuwefu. Musamcepetsere madzi, ndipo musammenye akakodza pakhonde.

Akamwa kwa miyezi yambiri pamabwera zoopsa zina. Khungu limapyapyala, mimba imakula ndi kulendewera, minofu imafooka, zilonda zimacedwa kupola, ndipo tizirombo timalowa m'cikhodzodzo. Agalu ena amayamba matenda a shuga. Galu wamkazi amene ali ndi bere angataye ana.

Pali malamulo atatu oyenera kukumbukira. Loyamba, mlingo wa mankhwala umayendera kulemera kwa galu, conco dotolo amamuika pa sikelo. Amayamba ndi mlingo wokwanira kuletsa kuyabwa, kenaka amacepetsa pang'onopang'ono kufikira galu azimwa tsiku lina, tsiku lina ai.

Laciwiri, galu amene wamwa mankhwalawa kwa milungu ingapo musamsiyitse mwadzidzidzi. Pafupi ndi impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga cortisone wa m'thupi. Galu akamamwa mapiritsi nthawi yaitali, tiziwalo timeneti timaleka nchito. Mapiritsi akalekeka tsiku limodzi, thupi limatsala lopanda kanthu, ndipo galu amafooka, amasanza, mwinanso kufa kumene.

Lacitatu, musaphatikize prednisolone ndi mankhwala oletsa ululu monga Brufen, diclofenac kapena aspirin. Kuphatikiza kumeneku kumabweretsa zilonda za m'mimba zimene zimakha magazi. Brufen ndi diclofenac ndi oopsa kwa galu ngakhale pa okha.

Eni agalu ena amakonda nyeleti imodzi yogwira milungu ingapo, pakuti sayenera kulimbana ndi galu tsiku lililonse. Bvuto lake ndi lakuti mankhwala akalowa sangacotsedwe. Piritsi mungalicepetse zoipa zikaoneka, koma nyeleti imagwirabe mpaka itatha yokha. Ngati malo oyabwa ndi ocepa, dotolo angasankhe mankhwala opopera kapena opaka. Mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika, amene ambiri ali ndi mankhwala a gulu lomweli amphamvu kwambiri, musapake galu. Amanyambita ndi kumeza.

CICLOSPORIN

Mankhwala aciwiri ndi ciclosporin. Anacokera ku cuku cimene cinapezeka m'dothi lotengedwa ku Norway mu 1969, ndipo anafufuzidwa ndi kampani ya Sandoz mumzinda wa Basel ku Switzerland. Nchito yake yoyamba inali kuthandiza anthu oikidwa impso ya munthu wina kuti thupi lisaikane. Ku America analoledwa kwa anthu mu 1983, ndipo mu 2003 analoledwa kwa agalu a ziwengo pansi pa dzina lakuti Atopica.

Ciclosporin amagonetsa gulu limodzi la asilikali a m'magazi, ndipo sabweretsa ludzu ndi kukula kwa mimba monga prednisolone. Koma amacedwa. Pamapita milungu 4 mpaka 6 kuti kusintha kuoneke, conco amene amataya mtima pa mlungu waciwiri amangotaya ndalama zake. Agalu ambiri amasanza kapena kutsekula m'mimba masiku oyambirira, ndipo ena nkhama zimatupa ndi kukula. Saperekedwa kwa kagalu kosafika miyezi 6, kapena kwa galu amene anadwalapo khansa.

MANKHWALA ATSOPANO

Mu 2013 ku America kunaloledwa oclacitinib, amene amagulitsidwa ndi dzina lakuti Apoquel. Mankhwalawa amatseka njira imene uthenga wa kuyabwa umadutsa, ndipo amayamba kugwira mkati mwa tsiku limodzi. Galu amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku osapitirira 14, kenaka kamodzi pa tsiku. Saperekedwa kwa galu wosafika miyezi 12, wabere, woyamwitsa kapena wodwala matenda akulu a tizirombo. Nawonso amafooketsa citetezo, ndipo angadzutse mphere ya Demodex.

Mu 2016 kunabwera nyeleti ya lokivetmab, yochedwa Cytopoint. Iyi imagwira cinthu cimodzi cokha ca m'magazi cimene cimanyamula uthenga wa kuyabwa, ndipo asilikali ena onse imawasiya pa nchito. Galu amalasidwa kamodzi pa milungu 4 mpaka 8.

Ciclosporin ndi mankhwala atsopanowa mtengo wake ndi wokwera ndipo sapezeka m'sitolo iliyonse ya mankhwala a ziweto. Dziwaninso kuti palibe ndi amodzi omwe amene amaciza ziwengo za kumtundu. Onse amangoziziritsa. Galu wotere amasamalidwa moyo wake wonse, ndipo ndi bwino kusamlola kuti abereke. Piriton, amene ambiri amamwa akatuluka ziwengo, amathandiza pang'ono cabe kwa agalu.

NKHUPAKUPA NDI KATEMERA WA CIWEWE

Galu wa m'komboni sakhala m'nyumba ya magalasi. Amayendayenda, amakumana ndi agalu anzake, ndipo amalumidwa ndi nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda a m'magazi. Agalu osakira nyama kucigwa ca Luangwa amalumidwanso ndi nchenche za kaodzera. Galu angakhale ndi tizirombo timeneti m'magazi koma osaoneka kudwala. Citetezo cake cikafooketsedwa, matenda angabuke. Ngati galu amene ali pa mankhwala waleka kudya, watentha thupi, nkhama zayera kapena mkodzo wafiira, mtengereni kwa dotolo tsiku lomwelo.

Lamulo la dziko lino la Control of Dogs Act, Cap 247, limafuna kuti agalu azilembetsedwa ndi kulandira katemera wa ciwewe. Katemera amagwira nchito mwa kuphunzitsa asilikali a m'thupi kudziwa mdani. Asilikaliwo akakhala ogonetsedwa ndi mankhwala, phunziro silingalowe bwino. Conco mukapita ndi galu kukalasitsa, uzani a za ziweto mankhwala amene akumwa ndi tsiku limene anayamba, kuti iwo asankhe nthawi yabwino. Musalumphe katemera cifukwa ca matenda a pakhungu. Ciwewe cikayamba kuonetsa zizindikiro, kwa galu kapena kwa munthu, cimapha.

TETEZANI BANJA

Mankhwala a galu asungidwe pamwamba pomwe ana sangafike, ndipo alembedwe bwino kuti asasokonezeke ndi a anthu. Sambani m'manja ndi sopo mukatha kumwetsa galu. Makapusolo a ciclosporin musawatsekule, ndipo amai apakati asiyire wina nchito yomwetsa. Mwana akameza mapiritsi a galu, thamangani naye kucipatala mutanyamula paketi yake.

Galu amene ubweya ukutha asagone ndi ana kufikira atapimidwa. Okalamba, odwala shuga ndi amene ali ndi kacirombo ka HIV asamale kwambiri, pakuti zipere zimawagwira mosabvuta ndi kucedwa kutha. Ngati anthu a m'nyumba ayamba kuyabwa pa nthawi imodzi ndi galu, nenani zimenezi kukiliniki ndiponso kwa dotolo wa ziweto. Cizindikiro cimeneci cimaloza ku mphere kapena nthata, pakuti ziwengo sizipatsirana.

ZIMENE MUNGACITE PANYUMBA

Yambani ndi nthata. Nthata yaikazi ingaikire mazira 40 mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo amagwera pomwe galu amagona. Nthata zimene mumaona pa galu ndi zocepa poyerekeza ndi mazira ndi timphutsi tobisala m'masaka, m'ming'alu ndi m'fumbi. Capani masaka ogonera mlungu uliwonse ndi kuwayanika padzuwa. Sesani ndi kutentha zinyalala za pamalopo. Agalu ndi amphaka onse a panyumba alandire mankhwala a nthata nthawi imodzi, koma mankhwala a galu musapake mphaka musanafunse, pakuti ena amapha amphaka.

Masiku ano kuli mapiritsi monga Bravecto, NexGard ndi Simparica amene amapha nthata, nkhupakupa ndi tizirombo ta mphere. Piritsi limodzi la Bravecto limagwira milungu 12. Agalu ambiri akalandira mankhwala otere amaleka kudzikanda, ndipo ofooketsa citetezo safunikanso.

Oilo yakutha ya motoka siciza mphere. Imatentha khungu, ndipo galu akainyambita imamuononga m'kati. Dipi ya ng'ombe yosungunulidwa mongoganizira yapha agalu, ndipo ingadwalitse wosambitsayo. Ivermectin wa ng'ombe nayenso ali ndi mlingo wake, ndipo agalu a mtundu wa Collie angafe naye.

Kusambitsa galu ndi madzi ozizirira kumacotsa fumbi ndi mungu pakhungu. Ngati dotolo wapereka shampu ya mankhwala, isiyeni pathupi mphindi 10 musanatsukuluze. Sopo wocapira zobvala amaumitsa khungu ndi kuonjezera kuyabwa.

Ngati dotolo akayikira cakudya, amalamula kuti galu adye mtundu umodzi wa nyama imene sanadyepo, pamodzi ndi cakudya cimodzi monga kandolo kapena mpunga, kwa milungu 8. M'nthawi imeneyo makombo ndi mafupa ena onse aletsedwe, ndipo galu asamayendeyende m'nyumba za aneba. Banja lonse, ndi ana omwe, ligwirizane pa lamuloli, apo ai kuyesako kumapita pacabe.

KOPEZA THANDIZO

Boma lililonse lili ndi ofesi ya za ziweto, ndipo kumeneko ndi koyambira. Ku Lusaka, sukulu ya Samora Machel School of Veterinary Medicine pa University of Zambia ili ndi cipatala ca ziweto. Mankhwala, a anthu ndi a ziweto omwe, amayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMRA pansi pa lamulo la Medicines and Allied Substances Act la mu 2013. Gulani m'masitolo obvomerezeka, ndipo pewani mapiritsi opimidwa m'timapepala topanda dzina ndi tsiku lothera mphamvu.

Popita kwa dotolo, konzekerani kuyankha mafunso awa: galu ali ndi zaka zingati, kuyabwa kunayamba liti ndiponso mbali iti ya thupi, kumakula nyengo iti, amadya ciani, ndipo kodi agalu ena kapena anthu panyumba akuyabwanso. Nyamulani mankhwala onse amene mwampatsa kale, ngakhale amene munalandira kwa aneba. Musabise, pakuti prednisolone amasintha maonekedwe a khungu ndipo dotolo angasocere.

Safunsa anadya phula. Galu apimidwe coyamba, nthata ndi mphere ziphedwe, ndipo mankhwala ofooketsa citetezo abwere pambuyo, pa mlingo ndi masiku amene dotolo wa ziweto wanena.